Cithunzi ca M'kati mwa Thupi Cili na Mwini Wake

Aliyense amene ali pa gulupu ya WhatsApp ya anzake a kusukulu, ya kuchechi kapena ya banja anaonapo cithunzi ca mtundu uwu. Ni cakuda na coyela, mafupa aonekela bwino-bwino, ndipo pakati pake pali cinthu cimene sicifunika kupezeka m'thupi mwa munthu: ndalama yacitsulo pakhosi pa mwana, msomali m'phazi, kapena botolo pamalo amene sitingachule pano. Pansi pake pamakhala mau akuti "onani zimene taona ku nchito lelo", na tunkhope toseka. Ola limodzi lisanathe, cithunzi cafika ku Kitwe, ku Chipata, na kwa msuweni amene ali ku Johannesburg.

Anthu amafunsa zambili pansi pa cithunzi cotelo. Cinalowa bwanji? Ni mwamuna kapena mkazi? Akhala komboni iti? Koma funso limodzi silimveka: cithunzici cinatuluka bwanji m'cipatala? Cipinda ca X-ray si pamsika poti aliyense angalowe na kukopa zimene wafuna. Amene amaima pafupi na kompyuta ija ni anthu owelengeka: wojambula, dokotala, nesi, na wophunzila amene wabwela kudzaonelela nchito. Ngati mwini wake sanacitulutse yekha, ndiye kuti mmodzi wa anthu amenewa anatulutsa foni m'thumba. Ise tiona kuti kumeneko ni kuba, olo kuti palibe ngwee imene yasowa. Munthu anavula malaya na kugona pa tebulo lozizila kuti athandizidwe. Sanavomele kukhala coseketsa ca dziko lonse.

Cidwi cofuna kuona m'kati mwa mnzathu cinabadwa pamodzi na makina eni ake. Pa 8 November 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg m'dziko la Germany anatulukila kuwala kosaoneka na maso kumene kumapyola mnofu. Patapita milungu yocepa anajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, mafupa a zala na mphete zionekela. Kuciyambi kwa 1896 anatumiza zithunzi kwa asayansi anzake, ndipo posakhalitsa nkhani inali m'manyuzipepala a maiko ambili. Mpaka lelo dzanja la mayi uja lidziwika padziko lonse. Cimene casintha ni liwilo cabe. Makolo athu anali kucoka kucipatala na envulopu yaikulu, filimu imodzi m'kati, n'kukaisunga pansi pa matilesi. Manje zithunzi zambili zimaonekela pa kompyuta, ndipo foni ili m'thumba la aliyense.

Amene amasheya zithunzi izi ali na yankho lokonzeka: palibe dzina, ndiye palibe mlandu. Coyamba, dzina kambili limakhalapo. Yang'anani m'kona mwa cithunzi, mudzapeza dzina, zaka, tsiku na cipatala, cifukwa makina amalemba zimenezi kuti zithunzi za odwala zisasokonezeke. Caciwili, olo wina adule konako, komboni siifuna dzina kuti idziwe munthu. Aneba anaona amene ananyamulidwa pa takisi Ciwelu usiku. Adziwa mwana amene wagonekedwa, na mtsikana amene sanabwele ku kwaya milungu iwili. Cithunzi cikangofika, anthu amaphatikiza okha. Ndipo madzi akatayika saoleka. Mungafafanize uthenga pa foni yanu, koma simungaufafanize pa mafoni 200 amene aulandila kale.

Tiganizilenso zimene zithunzi izi zimaulula. X-ray ya pacifuwa ingaonetse zizindikilo za TB. M'dziko lathu, munthu akamva TB amathamangila kuganiza za HIV, ngakhale kuti ni matenda awili osiyana ndipo ambili amadwala TB alibe kalombo. Mphekesela yotelo yathetsapo zibwenzi, ndipo ena auzidwapo kuti afune nyumba ina. Ku Copperbelt, ogwila nchito m'migodi amapimidwa mapapo ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, ndipo zotulukapo zimakhudza nchito yawo mwacindunji. Wofuna viza yokakhala ku UK miyezi yopitilila 6 afunika kupimidwa TB. Conco cithunzi ca pacifuwa nthawi zina ndiye cimanyamula malipilo a banja lonse.

Sikani ya amayi apakati ndiye yovuta kwambili. Bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti mayi aliyense apange sikani kamodzi mimba isanakwanitse milungu 24, ndipo ni uphungu wabwino. Koma sikani imakamba milungu ya mimba, ndipo milungu imawelengeka cobwelela m'mbuyo. Ngati wojambula wachula nambala ija mokweza pamaso pa mwamuna kapena apongozi amene angolowa osaitanidwa, mayi uja angapeze nkhondo kunyumba. Sikani ingaonetsenso kuti mimba yapita padela, ndipo pakamwa pa anthu nkhaniyo imasanduka yakuti anacotsa dala. Ingaonetse cimene cilepheletsa banja kukhala na mwana, nkhani imene ena amabisa ngakhale kwa amayi awo owabala. N'cifukwa cake wojambula wodziwa nchito amayamba wafunsa mayiyo payekha ngati afuna kuti womupelekeza alowe. Kulipila sikani sikupatsa munthu ufulu womva zotulukapo za thupi la mnzake.

Izi si nkhani za ulemu cabe, kulinso lamulo. Wojambula X-ray, amene pa Cizungu amati radiographer, ni katswili wa zaumoyo mofanana na dokotala. Afunika kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia na kukhala na satifiketi yogwilila nchito ya caka cimeneco. Bungwe limeneli limapelekanso malaisensi ku zipatala na makiliniki, limalandila madandaulo, ndipo lingalange katswili amene waphwanya malamulo a nchito yake, mpaka kumuimitsa kapena kumucotsa m'kaundula. Kusunga cinsinsi ca wodwala ni limodzi mwa malamulo akale kwambili pa nchito ya zaumoyo, lipezeka ngakhale m'lumbilo la Hippocrates la zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kuwonjezela apo, tili na Data Protection Act, lamulo la nambala 3 la mu 2021. Lamuloli limaika nkhani za thanzi la munthu m'gulu la zinthu zofunika citetezo capadela, ndipo lili na zilango kwa amene aziulula popanda cilolezo kapena cifukwa covomelezeka. Zifukwa zovomelezeka zilipo ndithu: akatswili ena amene akuthandiza wodwala yemweyo, lamulo la khoti, kapena matenda amene boma lifunika kuuzidwa kuti liteteze anthu. Kuseketsa anzathu pa gulupu sikupezeka pa mndandanda umenewo.

Pali mfundo imodzi ya anzathu a m'zipatala imene tifunika kuimvetsela mofatsa. Madokotala amene anaphunzila mwapadela kuwelenga zithunzi izi, amene amati radiologist, ni ocepa maningi mu Zambia, ndipo ambili ali m'mizinda ikulu-ikulu. Wogwila nchito pa cipatala ca kutali akaona cinthu cimene sakucimvetsa pa cithunzi ca mwana usiku, njila yacangu ni kukopa na foni n'kutumiza kwa katswili ku Lusaka. Zimenezi zapulumutsapo miyoyo, ndipo sitingakambe kuti zileke pamene njila ina palibe. Koma kutumiza kwa katswili mmodzi kuti apeleke uphungu n'kosiyana na kuponya pa gulupu ya anthu 80 amene munaphunzila nawo. Wodwala kapena womusamalila auzidwe kuti cithunzi citumizidwa kwa ndani komanso cifukwa cake. Dzina libisidwe ngati silifunika. Uphungu ukabwela ulembedwe mu faelo, ndipo cithunzi cicotsedwe mu foni, cisakhale pakati pa zithunzi za pa kicheni pate kumene mwana wosewela na foni kapena wakuba angacipeze.

N'cimodzimodzi na kuphunzitsa. Ophunzila a ku Evelyn Hone College, ku University of Zambia na kwina sangakhale akatswili osaona zithunzi za odwala eni-eni. Palibe amene akana zimenezo. Koma kalasi ili na citseko, ndipo TikTok ilibe. Masiku ano tiona acinyamata ovala makoti oyela akupanga mavidiyo m'zipinda zojambulila, kompyuta ili kumbuyo kwawo na dzina la munthu poyela. Ena amati akuphunzitsa anthu za thanzi. Ngati colinga ni cimeneco, njila ilipo: kupempha cilolezo ca mwini wake, makamaka colembedwa, kumuuza kumene cithunzi cidzaikidwa, na kulemekeza yankho lake akakana. Wodwala alinso na ufulu wodziwa kuti amene aima m'cipinda ni ophunzila, ndipo pa mapimidwe ofuna kuvula, monga a mawele kapena a njila ya cibelekelo, angapemphe kuti atuluke kapena kuti pakhale munthu wina wamkazi.

Si onse otulutsa zithunzi amene avala yunifomu. Nthawi zambili ni acibale. M'bale wathu akadwala ndipo ndalama za CT kapena opaleshoni zasowa, timathamangila pa Facebook kupempha thandizo, ndipo kuti anthu akhulupilile timafuna umboni. Mtima wake ni wabwino. Komabe wodwalayo afunsidwe coyamba, cifukwa ndiye adzakhala na mbili imeneyo akacila. Adzafunsila nchito, adzafuna kukwatila kapena kukwatiwa, ndipo intaneti siiwala. Ngati ni mwana, tiganizile mmene adzamvela akadzafika giledi 10 n'kupeza kuti anzake a m'kalasi aona za m'mimba mwake. Kambili kalata yacidule ya dokotala ni yokwanila kutsimikizila anthu, ndipo olo iyo ingatumizidwe kwa ofuna kuthandiza okha m'malo moipacika poyela.

Cinsinsi cimatetezanso thupi lenileni, ndipo apa m'pamene ambili sitiganizila. Mkazi wa msinkhu wobeleka asanajambulidwe X-ray kapena CT ya pamimba kapena m'ciuno, wojambula afunika kumufunsa ngati angakhale na pakati komanso pamene anasamba komaliza. Funso ili lili na mbili yake. Mu 1956, dokotala wa ku Oxford dzina lake Alice Stewart anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti ana amene amayi awo anajambulidwa X-ray ya pamimba ali na pakati anali kudwala khansa kwambili kuposa anzawo. Cifukwa ca nchito imeneyo na zina zotsatila, zipatala zinasintha kacitidwe. Manje ganizilani mtsikana wa zaka 17 amene wapelekezedwa na amayi ake, ndipo funso lija lafunsidwa pakhomo, anthu a pa benchi akumva. Adzayankha ciani? Adzakana, olo kuti m'mtima akukayikila. Wojambula adzalemba kuti wafunsa, pepala lidzaoneka bwino, koma citetezo cimene funsolo linayenela kupeleka catayika. Funso lofunika kwambili m'cipinda cija limagwila nchito pokhapo ngati lafunsidwa pambali, mwa mau apansi, na munthu amene wodwala akhulupilila kuti sadzaulula.

Sitikamba izi kuti anthu ayambe kuopa makina. Tonse timalandila radiation yacilengedwe tsiku lililonse kucokela m'nthaka, mumpweya na kumwamba, pafupifupi 2.4 millisievert pa caka tikatengela avaleji ya dziko lonse lapansi. X-ray ya pacifuwa nthawi zambili siipitilila 0.1, kutanthauza mlingo wa milungu iwili kapena kucepelapo. CT ya pamimba ingafike pa 8 mpaka 10, mlingo wa zaka zitatu kapena zinayi pa nthawi imodzi. Sikani ya amayi apakati imaseŵenzetsa mafunde a mau, ndipo MRI imaseŵenzetsa maginito, conco ziwilizi zilibe radiation ya mtundu umenewu. Ngati kupima kufunikadi, phindu lake limaposa ngozi kutali, ndipo kukana X-ray pamene wathyoka kapena ukutsokomola magazi ndiye ngozi yaikulu. Koma cifukwa cakuti kuwala kumeneku sikuoneka ndipo sikumveka kupweteka, wodwala sangadziwe yekha ngati walandila kocepa kapena kopitilila. Ndiye cifukwa cake pali Ionising Radiation Protection Act ya mu 2005, imene inakhazikitsa Radiation Protection Authority. Malo alionse okhala na makina a X-ray kapena CT afunika laisensi ya bungwe limeneli, ndipo ogwila nchito amavala kabaji kopima radiation imene alandila.

Mfundo zimene akatswili amaphunzila n'zosavuta kumva. Munthu asajambulidwe popanda cifukwa comveka ca zaumoyo, ndipo akajambulidwa, mlingo ukhale wocepa mmene zingathekele malinga cithunzi cituluke cothandiza. Apa naise odwala tili na mbali yathu. M'tauni mwafala maganizo akuti cipatala cabwino ni cimene cakulowetsa m'makina, ndipo dokotala amene wangokufunsa mafunso na kukupima na manja wakudyela ndalama. Mutu ukawawa masiku awili, wina afuna CT. Maganizo amenewa akakumana na malo amene phindu lawo limadalila kuculuka kwa masikani, zotulukapo ni kujambula kosafunikila. Wojambula amene wabweza pepala kwa dokotala kuti afotokoze bwino cifukwa cake, kapena amene wakufunsani ngati munajambulidwapo posacedwa, sakukucedwetsani dala. Akucita cimene nchito yake imamulamula.

Safunsa anadya phula. Tisanagone pa tebulo tingafunse mwaulemu kuti cithunzici cidzathandiza ciani, ngati pali njila ina yopimila yopanda radiation, amene adzaciwelenga ni ndani, komanso kumene cidzasungidwa. Tingapemphe kope yathu na kuinyamula tikapita ku cipatala cina kuti tisajambulidwe kawili pa vuto limodzi. Pa malo a pulaiveti tingayang'ane ngati malaisensi ali pa cipupa. Katswili weniweni sakhumudwa na mafunso otelo.

Tingalakwe ngati titaika katundu yense pa mutu wa wojambula. Ambili amagwila nchito ali ocepa, mzele uli mpaka panja, makina afa-fa, magetsi apita. Munthu mmodzi sangasunge cinsinsi m'cipinda cimene cilibe katani, kumene odwala awili amavula pa nthawi imodzi, kapena kumene maenvulopu a zotulukapo aunjikidwa pa tebulo kuti aliyense adzifunile yake. Oyang'anila zipatala, za boma na za pulaiveti zomwe, ali na udindo wopeleka malo ovulila, pasiwedi ya munthu aliyense payekha pa kompyuta, lamulo lomveka la mafoni, na njila yotetezeka yotumizila zithunzi kwa akatswili akutali. Zina mwa izi zifuna bajeti. Koma kutseka citseko, kutsitsa mau na kusiya foni m'thumba sizifuna ndalama ya boma.

Ngati cithunzi canu kapena ca m'bale wanu catuluka popanda cilolezo, musangolila m'mtima. Sungani umboni: sikilinishoti, tsiku, na kumene mwaciona. Lembani dandaulo kwa woyang'anila cipatalaco. Ngati simunathandizidwe, Health Professions Council of Zambia na ofesi ya Data Protection Commissioner zilipo kaamba ka nkhani zotelo. Ambili amaopa kuti akadandaula sadzalandilidwa bwino ulendo wotsatila, ndipo mantha amenewo ni omveka. Koma cizolowezi cimene palibe amene amacitsutsa cimakula, ndipo caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Kwa ise amene timangolandila zithunzi pa foni, nchito ni yocepa kwambili: kusatumiza patsogolo, na kufunsa wotumizayo ngati mwini wake adziwa. Funso limenelo lingakuchukitseni kuti ndimwe wovuta pa gulupu, koma limapangitsa munthu kuganiza kawili ulendo wina.

Ambili amene akulowa nchito imeneyi lelo ni a msinkhu wathu. Tinakwela nawo minibasi imodzi, ndipo ena akuwelenga nkhani ino pa nthawi yopuma. Kwa imwe tikamba kuti onani mphamvu imene muli nayo. Mumauza munthu wamkulu, woyenela kukhala atate anu, kuti avule shati, ayang'ane ku cipupa, akoke mpweya, asapume. Iye amacita zonsezo osafunsa, pamene imwe mwabisala kuseli kwa galasi. Sadziwa kuwelenga cimene catuluka, ndipo sadzaona kumene capita. Wakupatsani cikhulupililo cimene sapatsa ngakhale ana ake. Mukamuuza kuti apume, nchito yatha, cithunzi cake citsale kumene iye aganiza kuti catsala.